Ulendo wa pa Njinga Kuchokera pa Ulongwe

Pa msewu waukulu wa M3, wochokera ku Liwonde kupita ku Mangochi, pali malo a malonda otchedwa Ulongwe. Malowa ali m'dera la Mfumu Yaikulu Kalembo. Kale adali m'boma la Machinga, koma kuyambira m'chaka cha 1998, pamene boma la Balaka lidakhazikitsidwa, ali m'boma la Balaka. Anthu ambiri a kumeneko ndi Ayao, ndipo amalima chimanga, thonje ndi nandolo. Mlendo akafika m'mawa amamva moni wakuti, "Ajimwiche uli?" kutanthauza kuti, "Mwadzuka bwanji?"

Mlendo akangotsika basi pa Ulongwe, chimene amayamba kuona ndi njinga. Zina zasenza matumba a chimanga, zina madengu a nsomba zouma zochokera ku nyanja ya Malombe, ndipo zina zaimikidwa pamthunzi kudikira anthu ofuna kunyamulidwa. Njinga zonyamula anthuzi zimatchedwa kabaza. Dera limeneli lili m'chigwa cha Shire ndipo ndi lathyathyathya, motero njinga imayenda bwino. Kwa mabanja ambiri njinga ndiyo imapititsa wodwala ku chipatala, chimanga ku chigayo ndi thonje ku msika.

Tiyeni nafenso tikwere njinga zathu kuti tilione bwino dera limeneli. Tisananyamuke tipope matayala, tithire mafuta pa tcheni, ndipo tiyese mabuleki onse awiri pamodzi ndi belu. M'thumba tiikemo pompa, zigamba, guluu ndi botolo la madzi akumwa. Tinyamuke dzuwa lisanatuluke, chifukwa m'chigwa cha Shire mumatentha kwambiri, makamaka m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala.

Njira yoyamba ndi yafumbi, yolowera kum'mawa, kumene kuli mtsinje wa Shire ndi nkhalango yosungirako nyama ya Liwonde. Ndi ulendo wa makilomita oposa 10. Njirayi imadutsa m'midzi, m'minda ndi pansi pa mitengo ya mango ndi milambe ikuluikulu. M'chilimwe mlambe umayoyola masamba onse, ndipo nthambi zake zimaoneka ngati mizu yoloza kumwamba. M'malo ena muli mchenga wambiri. Tayala lakutsogolo likalowa mumchenga limakana kuwongoka, ndipo wopalasa wamakani amagwa. Ndi bwino kutsika ndi kukankha njinga. M'dzinja vuto limakhala lina: matope amakakamira pa matayala mpaka njinga kuleka kuyenda.

M'njira zotere minga sisowa. Tayala likaphwa tisapitirire kupalasa, chifukwa tingaononge chubu pamodzi ndi tayala lomwe. Tichotse chubu, tichipope, ndi kuchimiza m'madzi. Pamene pakutuluka thovu ndi pamene pabooka. Tipukute malowo kuti aume, tiwapale pang'ono, tipakepo guluu, ndipo tidikire kuti guluuyo ayambe kuuma tisanamatepo chigamba. Ambiri amalephera pa kudikira pomwepa. Tisanabwezere chubu, tipapase m'kati mwa tayala ndi zala mosamala, chifukwa munga umene udabaya umatsalira momwemo.

Pamene tikudikira guluu, tikumbukire kuti njinga sizidayambe ndi matayala opopa. Njinga ya matayala awiri ofanana kukula, yoyendera tcheni monga yathuyi, idatchuka kuyambira m'chaka cha 1885, pamene John Kemp Starley adayamba kuipanga mumzinda wa Coventry ku England. Matayala ake adali a mphira wolimba, ndipo wokwerapo ankafika kumene akupita thupi lonse likuphwanya. M'chaka cha 1888 John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto amene ankakhala ku Belfast, adalembetsa ku boma luso lake la tayala lopopa mpweya, limene adayamba kuliyesa pa kanjinga ka mwana wake.

Tikayenda ndithu tifika pa mpanda wa waya wamagetsi ndi chipata cha Makanga. Apa ndi pamene payambira nkhalango ya Liwonde. Munthu saloledwa kungodziyendera yekha m'nkhalangomu, choncho timvere zimene alonda a pachipata atiuze. Nkhalangoyi idakhazikitsidwa m'chaka cha 1973, ndipo gawo lake lalikulu lili kutsidya kwa Shire, m'boma la Machinga. Alendo opita ku malo ogona a Mvuu amawoloka mtsinjewo pa bwato la injini.

Pagombe la Shire mpokongola. Madzi ake, amene amachokera m'nyanja ya Malawi ndi kudutsa m'nyanja ya Malombe, amayenda mwakachetechete pakati pa bango ndi mitengo italiitali ya mivumo. Mvuu zimavuuka ndi kumiranso, makutu okha ali petupetu. Ng'ona zimaothera dzuwa pamchenga kukamwa kuli yasa. Pamwamba pa mtengo nkhwazi imalira itapendeketsa mutu chagada. Masana dzuwa likatentha, njovu zimatsikira ku mtsinje kudzamwa ndi kusamba, ana ali pakati pa amayi awo. Ngakhale thukuta litatichuluka bwanji, tisayerekeze kusamba m'mtsinjemu kapena kuima m'mphepete penipeni mwa madzi. Ng'ona imene yagona pamchenga si yoopsa kwambiri; yoopsa ndi imene sitikuiona.

Kwa anthu a m'midzi imene tadutsamo, njovu si nyama yokongola chabe. Kwa zaka zambiri njovu zinkatuluka m'nkhalango usiku ndi kudya mbewu m'minda. Banja linkatha kutaya chimanga cha chaka chonse usiku umodzi, ndipo anthu ena adaphedwa. Anthunso ankalowa m'nkhalango kukatchera misampha ya waya, ndipo nyama zidayamba kutha. M'chaka cha 2015 bungwe la African Parks lidayamba kuyang'anira nkhalangoyi mogwirizana ndi boma la Malawi. Adamanga mpanda wamagetsi umene tauona uja, ndipo adachotsa misampha zikwi zambiri. Popeza njovu zidachuluka kuposa malo, m'zaka za 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 za ku Liwonde ndi ku Majete zidasamutsidwa pa magalimoto kupita ku nkhalango ya Nkhotakota. Mu 2022 zinanso 263 zidapita ku Kasungu. Mikango, imene idaatha m'nkhalangomu, idabwezeretsedwa m'chaka cha 2018. Mpandawo wachepetsa mavuto, koma ntchito yousamala ndi ya tsiku ndi tsiku, chifukwa njovu ikapeza pofooka imathyola.

Njira yachiwiri ndi ya phula, yolowera kumwera mpaka ku Liwonde, mtunda wa makilomita pafupifupi 30. Pa msewu umenewu pamadutsa mabasi ndi magalimoto akuluakulu. M'dziko lathu timayenda mbali ya kumanzere kwa msewu. Tikakhala angapo tiyende motsatana, osati moyandikana uku tikucheza. Pofuna kukhota titambasule mkono wa mbali imene tikukhotera, titayang'ana kaye kumbuyo. Usiku njinga yopanda nyale saiona woyendetsa galimoto mpaka ataiyandikira kwambiri.

Ku Liwonde tiwoloka Shire pa Kamuzu Barrage. Chotchingira madzi chimenechi chidamangidwa m'chaka cha 1965. Chili ndi zitseko zimene amatsegula kapena kutseka pofuna kuti madzi azifika mokwanira ku malo opangira magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira, amene ali kumunsi kwa mtsinje.

Tikapitirira Liwonde kulowera ku Machinga ndi ku Zomba, msewu umayamba kukwera pakati pa mapiri, monga Mongolowe ndi Chaone. Apa ndi pamene miyendo imalawa ululu. Kodi n'chifukwa chiyani njinga imathamanga pamalo athyathyathya koma imalemera pachitunda? Yang'anani zitsulo ziwiri za mano zimene tcheni chimazungulirapo. Cha pa mapedulo ndi chachikulu, cha pa tayala lakumbuyo ndi chaching'ono. Ngati chachikulu chili ndi mano 44 ndipo chaching'ono chili ndi mano 22, ndiye kuti tikapalasa kamodzi tayala lizungulira kawiri. Zimenezi zimatithandiza kuthamanga, koma pachitunda zimafuna mphamvu zambiri. Njinga za magiya zili ndi zitsulo za mano zingapo kumbuyo, ndipo wopalasa akafika pachitunda amasankha chokulirapo. Njinga imayenda pang'onopang'ono, koma miyendo imapepukidwa. Amene njinga yake ilibe magiya asachite manyazi kutsika ndi kukankha.

M'zitunda zimenezi tikumana ndi anthu okankha njinga zosenza matumba a makala, ena atatu, ena anayi. Ndi ntchito yowawa, ndipo ambiri amaichita chifukwa chosowa njira ina yopezera ndalama. Komabe tikakweza maso tiona mbali zina za mapiri zitayera mbee, mitengo itatha. Mvula ikagwa pamalo otere imakokolola nthaka kupita nayo ku Shire.

Pobwerera, chitunda chija chimasanduka mtsetse, ndipo ngozi zambiri zimachitika pamenepa. Tigwire mabuleki onse awiri pang'onopang'ono kuyambira pamwamba, liwiro lisanakule. Kugwira buleki yakutsogolo yokha mwadzidzidzi kumaponya wokwera kutsogolo kwa njinga. Ana ena amaponda tayala ndi phazi m'malo mwa buleki. Khalidwe limeneli lavulaza ambiri.

Njira yachitatu ndi yolowera kumpoto, ku Mangochi. Kudzanja lamanja kwa msewu kuli nyanja ya Malombe, imene ndi yosazama. Kale inkatchuka ndi chambo, koma kuyambira m'zaka za m'ma 1990 chambo chidasowa chifukwa chopha mopitirira muyeso, ndipo asodzi amapeza kwambiri tinsomba ting'onoting'ono monga kambuzi. Wopalasa wamphamvu akanyamuka pa Ulongwe mbandakucha amafika pa mlatho wa Shire ku Mangochi dzuwa lisanafike pamutu.

Mafunso

1. Kodi Ulongwe uli m'boma liti, ndipo kale udali m'boma liti?
2. Fotokozani mwatsatanetsatane mmene mungamatire chubu chobooka.
3. N'chifukwa chiyani njovu zina zidasamutsidwa ku nkhalango ya Liwonde?
4. Kodi Kamuzu Barrage imagwira ntchito yanji?
5. Perekani matanthauzo a mawu awa monga agwiritsidwira ntchito m'nkhaniyi: mtsetse, yasa, mbee, mbandakucha.

Ntchito

Pemphani mwini njinga kuti akuloleni kuwerenga mano a zitsulo ziwiri zimene tcheni chimazungulirapo. Lembani manambalawo m'makope mwanu, ndipo mupeze kuti tayala lakumbuyo limazungulira kangati munthu akapalasa kamodzi.