Madzi, Mchere ndi Miyala ya mu Impso

Ambiri mwa ife amene tikuphunzira uphunzitsi tili ndi chizolowezi choipa. Tikapita kukaphunzitsa m'sukulu za ku Chiradzulu, kaya ku Namadzi kapena ku Namitambo, timayenda mtunda wautali pa dzuwa la Okutobala, thukuta lili kamukamu, koma madzi sitimwa poopa kutuluka phunziro lili mkati. Ana a m'kalasi nawonso amatengera zomwezo.

Zikatero zimavutika ndi impso, zomwe ntchito yake ndi kusefa magazi. Madzi akachepa m'thupi, mkodzo umachepa n'kukhala wachikasu kwambiri, ndipo timichere ta mu mkodzomo timaundana mpaka kukhala kamwala. Miyala yambiri imapangika calcium akagwirana ndi oxalate. Choncho chitetezo choyamba ndi madzi, malita 2.5 mpaka 3 pa tsiku, kufikira mkodzo utayererako. Kufinyiramo ndimu kumathandiza, chifukwa citrate wa mu ndimu amaletsa timichereto kugwirana. Zakumwa zotsekemera za m'mabotolo sizilowa m'malo mwa madzi.

Mchere nawo tiuchepetse. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiye pafupifupi supuni ya tiyi imodzi. Mchere ukachuluka, impso zimatayira calcium wambiri mu mkodzo. Chonsecho kudainingi ena timathira mchere ndiwo tisanalawe n'komwe!

Apa ndi pomwe ambiri amasokera. Akamva za calcium amafulumira kusiya mkaka, pamene calcium wa m'chakudya ndi amene amagwira oxalate m'matumbo momwemo, n'kutuluka naye pochita chimbudzi asanafike ku impso. Bonongwe, mtedza ndi tiyi zili ndi oxalate wambiri, inde, koma munthu amene sanadwalepo miyala alibe chifukwa chosiyira masamba otendera. Amene anadwalapo azidya mwa muyeso, ndipo azimwera mkaka pa chakudya chomwecho. Mwamwayi, alimi a ng'ombe za mkaka ku Chiradzulu ndi ambiri.

Kamwala kakayamba kutsika, ululu umagwira m'nthiti cha kumsana n'kutsikira kuchinena, nthawi zina ndi kusanza kapena magazi mu mkodzo. Tisafulumire kunena kuti ndi likodzo. Tikayezetse pa chipatala cha boma cha Chiradzulu, ndipo zovuta amazitumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Timiyala tosapitirira mamilimita 5 kawirikawiri timatuluka tokha. Koma ululuwo ukabwera ndi kutentha thupi ndi kunjenjemera, kapena mkodzo ukasiya kutuluka, tipite tsiku lomwelo, ngakhale litakhala la Sabata.