Mzinda wa Blantyre ndi Mapiri Ake

Munthu wochokera ku Lilongwe pa basi akangopitirira pa Lunzu amayamba kuona mapiri patsogolo pake. Kudzanja lamanja kuli phiri la Michiru, kumanzere kuli la Ndirande, ndipo chapatali kummwera kumaonekera la Soche. Pakati pa mapiri atatuŵa ndi pamene pali mzinda wa Blantyre, umene anthu ambiri amautchanso Kabula.

Mapiri ameneŵa ndiwo anachititsa kuti mzindawu ukhale pamene ulipa. M'chaka cha 1876 Henry Henderson, mmishonale wa mpingo wa ku Scotland, anali kufunafuna malo omangapo mishoni. Womtsogolera ndi womtanthauzira chinenero anali Tom Bokwito, munthu wa dziko lino amene anaomboledwa ku ukapolo akali mwana. Kuchigwa cha Shire kunali kotentha ndi kwa malungo, koma atakwera kumtunda anapeza mphepo yabwino, nkhalango zoŵirira ndi timitsinje tosaphwa totsika m'mapiri. Mfumu Kapeni inalola alendowo kukhala m'dziko lake. Malowo anaŵatcha Blantyre, dzina la mudzi wa ku Scotland kumene anabadwira David Livingstone.

Pa mishoni imeneyi ndi pamene pali tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene alendo ochokera kunja sabwerera kwao asanachione. Anayamba kuchimanga m'chaka cha 1888 ndi kuchitsiriza mu 1891. Chodabwitsa ndi chakuti Mbusa David Clement Scott, amene anatsogolera ntchitoyo, sanaphunzirepo za zomangamanga, ndipo amisiri ake anali anthu a m'midzi yozungulira amene anali asanaonepo nyumba yotere chibadwire. Iwo anakumba dothi pomwepo, naumba njerwa ndi kuziotcha okha. Anasema zikombole za matabwa zopangira njerwa za mitundu 81, zina zozungulira, zina zosongoka, zina zokhala ndi maluŵa. Munthu akaima pafupi ndi khoma ndi kuyang'anitsitsa, amaona kuti nsanja ziŵiri za kutsogolo sizifanana. Komabe tchalitchicho chikali chilili, ndipo anthu amapempheramo kufikira lero.

Pafupi ndi pakati pa mzinda pali nyumba ina yakale koposa tchalitchichi, yotchedwa Mandala. Inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya malonda ya African Lakes. Mmodzi wa oyang'anira kampaniyo, John Moir, ankavala magalasi a m'maso, ndipo anthu poona kunyezimira kwake anamtcha Mandala. Dzinalo linakhazikika pa nyumbayo ndi pa dera lonselo. Ofuna kudziŵa zambiri za makedzana amapitanso ku nyumba yosungiramo zakale ku Chichiri.

Njanji itafika mu 1908, malonda anakula msanga. Pafupi ndi Blantyre panabadwa tauni ina ya Limbe, kumene kuli misika ya fodya, ndipo matauni aŵiriŵa anaphatikizidwa mu 1956. Ngakhale likulu la dziko linachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, Blantyre anakhalabe chimake cha malonda ndi mafakitale. Pa kalembera wa 2018 mumzindawu munapezeka anthu 800,264.

Ambiri mwa anthu ameneŵa sakhala m'nyumba zazikulu za ku Nyambadwe kapena ku Namiwawa ai. Amakhala ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa, ku Mbayani ndi m'malo ena otere. Ku Ndirande kumacha msanga. Tambala asanalire kachiŵiri, amai amakhala atandandika kale zidebe zao pa mpopi wogulitsira madzi, ndipo chidebe chimasunga malo a mwini wake pamzere iye ali kukazinga mandasi kunyumba. Abambo amatsetsereka wapansi kupita ku mafakitale a ku Makata, ena atanyamula kamba m'kathumba. Kumsika kumamveka phokoso la amisiri osula mbaula, ndowa ndi miphika kuchokera ku malata otha ntchito. Kumeneko chinthu sichitayidwa wamba: tayala lakutha limasanduka nsapato, chitini chimasanduka koloboi.

Anthu a m'dera limodzi amachokera kosiyanasiyana. Pa mpanda umodzi pangakhale Mlomwe wa ku Thyolo, Msena wa ku Nsanje ndi Mtumbuka wa ku Rumphi. Koma maliro akagwa, onse amasonkha ufa, nkhuni ndi ndalama monga momwe amachitira kumudzi, pakuti abale eni ake ali kutali.

Vuto lalikulu la mzindawu ndi madzi. Mtsinje wa Mudi ndi damu lake zinali zokwanira pamene anthu anali ochepa. Masiku ano madzi ambiri amachokera ku mtsinje wa Shire, pamalo otchedwa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita ngati 40. Popeza mzindawu uli pamwamba, makina amakankha madziwo kukwera chitunda cha mamita pafupifupi 800. Ntchito imeneyi imadya magetsi ambiri zedi, ndipo magetsi akazima mipopi imauma. Mu 2019 anayamba kubweretsanso madzi ena kuchokera ku mtsinje wa Likhubula ku Mulanje.

Nanga timitsinje tosaphwa tija tinapita kuti? Yankho lili m'mapiri. Nyumba iliyonse yatsopano imafuna njerwa, uvuni uliwonse wa njerwa umafuna nkhuni, ndipo mabanja ambiri amaphikira makala. Phiri la Ndirande linali ndi nkhalango yaikulu, koma m'zaka za m'ma 1990 mitengo yake inadulidwa kufikira linatsala lambee, miyala yokhayokha ndi minda ya chimanga. Pa phiri lopanda mitengo mvula siiloŵa pansi. Imathamanga pamwamba ndi kukokolola dothi, ndipo chilimwe chikafika akasupe amaphwa. Ku Michiru, kumene boma linapatula kuti kukhale kotetezedwa, ndi kumene alendo amakwera kukaona anyani, apusi ndi mbalame, koma nakonso otcha makala aloŵako.

Anthu osoŵa malo anayambanso kumanga nyumba m'mbali mwa mapiri, chaka ndi chaka kukwererakwerera. Sanachite zimenezi chifukwa chosadziŵa kuopsa kwake. Malo a kuchidikha ndi odula, ndipo munthu wolandira malipiro ochepa amafuna kukhala poyandikira ntchito kuti asalipire minibasi.

M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wotchedwa Freddy anagwetsa mvula yosalekeza kwa masiku angapo m'chigawo cha kummwera. Dothi la pa phiri la Soche linakhuta madzi, ndipo linagumuka pamodzi ndi miyala ikuluikulu, nkutsikira pa nyumba za ku Chilobwe. Mabanja ena anatha onse, ndipo opulumuka anakagona m'makalasi a sukulu. Anansi ndiwo anayamba kufukula anzao m'matope ndi makasu ndi mafosholo thandizo lisanafike. Pambuyo pake boma linalangiza anthu kuti asamuke m'malo oopsa. Ena anasamukadi, koma ena anabwerera pamabwinja ao, pakuti analibe kwina kopita. Njira imene matopewo anadzera imaonekera patali pa phirilo.

Mafunso

1. Tchulani mapiri atatu amene azungulira mzinda wa Blantyre.
2. Kodi nchifukwa ninji amishonale sanamange kuchigwa cha Shire?
3. Fotokozani mmene dzina lakuti Mandala linayambira.
4. Kodi madzi a mumzindawu amachokera kuti, ndipo nchifukwa ninji amavuta?
5. Pali mgwirizano wanji pakati pa njerwa, mitengo ndi akasupe?
6. Perekani matanthauzo a mau aŵa: chikombole, kasupe, chidikha, bwinja, kugumuka.
7. Lembani chimangirizo chachifupi chofotokoza phiri kapena mtsinje wa kwanu, mmene unalili kale ndi mmene ulili tsopano. Funsani akuluakulu kuti akuthandizeni.