Kulima Mphesa ku Mzuzu: Muziyendera Kalendala ya Mvula

Ku Morgex, m'chigwa cha Aosta m'munsi mwa phiri la Mont Blanc ku Italy, alimi amadzala mphesa yoyera ya Prié Blanc pamalo okwera pafupifupi mamita 1,200, msinkhu womwenso Mzuzu ali. Koma mdani wawo ndi chisanu, n'chifukwa chake amayanga mpesa pathandala lalifupi kuti uziothera kutentha kwa nthaka. Kuno mdani ndi chinyezi. Mvula ya ku Mzuzu imachedwa kukata, ndipo mawawa ndi nkhungu zimapitirira mpaka nyengo yozizira. Ntchito yonse ikhale yoti mphesa zipse mvula isanagwe.

Yambani ndi malo. Sankhani potsetsereka pang'ono, powomba dzuwa la m'mawa, podutsa mphepo. Kudambo ayi, ngakhale madzi ali pafupi. Dothi lofiira la kuno nthawi zambiri limakhala ndi asidi, choncho kaliyezetseni kumalo ofufuzira zaulimi a Lunyangwa kapena funsani alangizi ngati likufuna laimu. Kumbani maenje a masentimita 60 mbali zonse, motalikirana mamita 2 mumzere, mizere italikirane mamita 3. Thirani manyowa owolerana bwino, apo ayi mwaitana chiswe.

Pankhani ya mbewu, Chenin Blanc, imene amadzala kwambiri ku South Africa ndiponso ku Dodoma m'dziko la Tanzania, imatulutsa vinyo woyera wabwino, koma matsango ake ndi othithikana ndipo sachedwa kuola pachinyezi. Niagara imapirira kuposa pamenepo. Ine ndikanayamba ndi mitengo yochepa ya mtundu wopirira. Mu Julayi dulani nthambi zokhwima zonenepa ngati pensulo, za maso atatu kapena anayi, muzizike m'machubu, mudzawokere mvula ikayamba.

Chaka choyamba iwalani za zipatso. Siyani mphukira imodzi yamphamvu, muimangirire kukamtengo mpaka ifike pawaya wa mita imodzi kuchokera pansi, kenako itsineni nsonga kuti ipange mikono iwiri, wina kumanja wina kumanzere. Waya wachiwiri ukhale pamwamba, wogwira mphukira zatsopano. Zokolola zenizeni muziyembekezera chaka chachitatu.

Kudulira ndiye pagona nkhani. Kuchokera tsiku lodulira kufika pokolola pamatenga miyezi inayi kapena isanu. Mukadulira kumapeto kwa Juni kapena kumayambiriro kwa Julayi, mudzakolola cha mu Novembala. Mukazengereza mpaka Sepitembala, mphesa zidzapsera m'kati mwa mvula ya Januwale, zidzang'aluka n'kuvunda. Panthambi iliyonse ya chaka chatha siyani maso awiri okha. Munda umaoneka ngati mwauwononga, ndipo anzanu adzakuuzani choncho, koma mpesa wosadulira umangochulukitsa masamba. Mukadulira thirirani patsinde sabata iliyonse, osanyowetsa masamba, ndipo muchepetse madzi zipatso zikayamba kufewa.

Muziyendera munda m'mawa n'kumatembenuza masamba. Mukaona madontho achikasu onga mafuta pamwamba, kunsi kuli chuku choyera, poperani mankhwala a kopa omwe alimi a khofi ndi tomato amawadziwa kale. Tsamba likaoneka ngati lawazidwa phulusa, mankhwala ake ndi salufa, koma osapopera dzuwa likuswa mtengo. Thyolani masamba ophimba matsango kuti mphepo ilowe. Mbalame zimadziwa tsiku lakupsa inu musanadziwe, ndiye kutani matsango ndi ukonde kapena timatumba tapepala. Mphesa sipsa ikachoka mumtengo. Lawani, ndipo onani ngati njere zasanduka zofiirira.

Pofulula vinyo woyera, kololani m'bandakucha, chotsani zoola, finyani nthawi yomweyo n'kutaya makoko. Madziwo agone usiku umodzi kuti matsokwe akhale pansi, muwakhuthulire m'chigubu chotsukidwa bwino, muthire yisiti ya vinyo. Pachivindikiro lowetsani kapaipi kothera m'botolo la madzi, kuti mpweya uzituluka koma usalowe. Ikani m'chipinda chozizira. Thovu likasiya, patapita masabata awiri kapena atatu, sefererani m'chigubu china ndipo muchidzaze mpaka m'khosi, chifukwa mpweya ukalowa mupeza viniga.

Ofuna kugulitsa akaonane kaye ndi a Malawi Bureau of Standards ndiponso atenge chilolezo kukhonsolo ya mzinda. Podikira zaka zitatu zija, phunzirani kufulula ndi magwafa kapena jambula, zipatso zomwe a kampani ya Linga ku Lilongwe amapangira vinyo wawo.