Laputopu ikakana Wi-Fi: katswiri ayankha omvera a ku Angónia

Makalata ambiri amene anafika ku wailesi ya m'dera ku Ulónguè sabata ina anali ndi dandaulo limodzi. Laputopu inkagwira Wi-Fi bwinobwino, koma itangoikidwa Windows yatsopano, intaneti inasowa. Muulutsi ankawerenga kalata iliyonse, katswiri wokonza makompyuta n'kumayankha.

Woyamba anali mphunzitsi wa ku Dómuè. Anagula laputopu ya kaunjika yochokera ku Joni, ili ndi Windows 7. Mphwake anamuikira Windows 10, ndipo kuyambira tsiku limenelo kachizindikiro ka Wi-Fi sikanaonekenso. "Kodi yapsa?" inafunsa kalatayo.

"Aphunzitsi, mtima m'malo, sinapse," anatero katswiriyo. Anafotokoza kuti m'kati mwa laputopu muli kakhadi kogwira Wi-Fi, ndipo kuti kamvane ndi Windows pamafunika kapulogalamu kotchedwa driver. Ntchito yake ndi ya womasulira ku chipatala, pamene dokotala akulankhula Chipwitikizi, agogo akuyankha m'Chichewa. Driver imene inali m'laputopumo inalembedwera Windows 7, imene Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 Januwale 2020. Mphwake uja pofufuta zonse anafufutira kumodzi ndi driver, ndipo Windows 10 inalibe yake yogwirizana ndi khadilo. Kuibwezera yakaleyo nakonso sikuthandiza nthawi zonse, chifukwa driver ya 32-bit singagwire pa Windows ya 64-bit.

Apa katswiriyo anachedwapo, ndipo anachita bwino, chifukwa anthu ambiri amasochera pomwepa. Dzina lolembedwa pachivindikiro, kaya HP, Dell kapena Lenovo, silinena amene anapanga khadi. Anauza omvera kutsegula Gestor de Dispositivos, poti makompyuta ambiri kuno ali m'Chipwitikizi, ndi kufufuza mzere umene uli ndi kachizindikiro kachikasu. Pa Propriedades, kenako Detalhes, pali manambala a chipangizocho. VEN_8086 ndi Intel, VEN_10EC ndi Realtek, VEN_14E4 ndi Broadcom, VEN_168C ndi Atheros, kampani imene Qualcomm inagula mu 2011. Manambala amenewo ndiwo olemba pa pepala ndi kufufuzira driver, makamaka kwa kampani yopanga laputopuyo kapena khadilo.

Wophunzira wa ku Faculdade de Ciências Agrárias ya UniZambeze analemba mokwiya pang'ono. Kuti apeze driver akufunika intaneti, kuti apeze intaneti akufunika driver, nanga ayambire pati? Yankho linali lalifupi. "Achimwene, tengani foni ya Android ndi chingwe chake chotchajira, lumikizani ku laputopu, yatsani USB tethering. Data ya Movitel kapena Vodacom idutsa m'chingwemo osafuna Wi-Fi." Kenako Windows Update kawirikawiri imapeza yokha driver yoyenera. Anangochenjeza kuti Windows ikaona intaneti imayamba kutsitsa zambiri, choncho ndi bwino kuiuza kuti data ndi yowerengera.

Mayi wina wogulitsa mbatatesi ku Calomue anagula ka adapter ka Wi-Fi ka USB kutsidya ku Dedza, kuti mwana wawo azigwiritsa ntchito pa sukulu. M'bokosi munali ka CD, koma laputopu ilibe polowetsa CD. Katswiriyo anawauza kuti asadandaule nako, chifukwa ma driver a pa tima CD timeneti nthawi zambiri amakhala akale kale. Chofunika ndi kuyang'ana version yolembedwa pa adapter. Anapereka chitsanzo cha TP-Link TL-WN722N: yoyamba ili ndi chip ya Atheros, pamene yachiwiri ndi yachitatu zili ndi ya Realtek. Dzina ndi limodzi, maonekedwe ndi ofanana, koma driver ya ina singayendetse inzake. "Mayi, tembenuzani ka adapter, muwerenge ngati palembedwa V1, V2 kapena V3, mumuuze wokonzayo."

Panalinso mnyamata wa ku Tsangano amene laputopu yake imaona Wi-Fi ya anzake koma osaona hotspot ya foni yake yatsopano. Apa driver inalibe mlandu. Makhadi ambiri akale amamva 2.4 GHz yokha, pamene foni ikhoza kukhala ikuulutsa pa 5 GHz. Kusintha zimenezi pa foni sikutenga ngakhale mphindi imodzi.

Funso lomaliza analifunsa muulutsi mwini: kodi onse asamukire ku Windows 11? Katswiriyo anakumbutsa kuti Windows 11 inatuluka mu Okutobala 2021, ndi ya 64-bit yokha, ndipo imafuna TPM 2.0, imene malaputopu ambiri a kaunjika alibe. Komanso Windows 10 inasiya kusamaliridwa pa 14 Okutobala 2025. Kuikakamiza Windows 11 pa makina a zaka khumi kapena kuposa, iye anati, n'kudziputira mavuto a ma driver. Kwa makina otere anatchula Ubuntu kapena Linux Mint, ngakhale kumenekonso makhadi ena a Broadcom amafuna driver yapadera.

Zimapweteka kuona mphunzitsi akusunga laputopu yabwinobwino m'sutikesi poganiza kuti inafa, pamene ndalama zogulira zinachokera ku malipiro a miyezi ingapo. Pempho la katswiriyo kwa anyamata onse oika Windows ku Angónia linali lakuti asanafufute kalikonse, ayambe alemba manambala a khadi la Wi-Fi, atsitse driver yake ndi kuisunga pa flash.