Mwana akamanjenjemera mvula ikayamba: zomwe mphunzitsi angachite

Namondwe wa Freddy atadutsa mu March 2023, sukulu zambiri za ku Blantyre, Mulanje, Phalombe, Chiradzulu, Chikwawa ndi Nsanje zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anatsala opanda pogona. Ku Chilobwe, matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakokolola mabanja athunthu. Sukulu zitatsegulidwanso, ana ena anabwerera kudzaphunzira m'chipinda chomwecho chimene anagonamo pansi akulira amayi awo. Ambiri mwa anawa akadali m'makalasi athu, pamodzi ndi anzawo amene aona mavuto ena: umasiye, nkhanza za pakhomo, kugwiriridwa, njala. Inu aphunzitsi si madokotala, koma ndinu amene mumamuona mwanayo tsiku ndi tsiku, ndipo pali zambiri zimene mungachite.

Yambani ndi maso. Mwana wosweka mtima sabwera kudzanena kuti akuvutika. Khalidwe lake ndi limene limanena. Wina amene ankakweza mkono pafupipafupi amangoti phee kumbuyo. Wina amayamba ndewu pa nkhani ya pensulo. Wina amasinza mmawa chifukwa usiku maloto oopsa samugonetsa, kapena amadandaula mutu ndi m'mimba koma kuchipatala osapeza malungo. Kaundula wa mayina akuthandizeni: amene wayamba kujomba mwadzidzidzi mufufuzeni sabata yomweyo, musadikire kutha kwa teremu. Chofunika kuona ndi kusintha. Mwana amene anali waphee chibadwire si wodetsa nkhawa ngati wolongolola amene watseka pakamwa.

Mantha akamugwira m'kalasi, muthandizeni pomwepo. Mitambo yada, mvula yayamba kugunda malata, ndipo mtsikana wa Sitandade 5 walowa pansi pa desiki atatseka makutu, kapena watuluka liwiro kuti akaone ngati mng'ono wake ali moyo. Uku si kupulupudza. Thupi lake lakumbukira tsiku lija, ndipo mtima ukugunda ngati madzi afika kale pakhomo. Chikwapu apa chimangowonjezera mantha, n'chimodzimodzi kumutuma kukakumba dzenje. Njutani pafupi naye, mutchuleni dzina ndi mawu otsika: "Uli kusukulu, uli ndi ine, nyumba ino ndi yolimba." Muuzeni apume nanu limodzi pang'onopang'ono, atchule zinthu zisanu zimene akuziona m'chipindamo, amwe madzi. Anzake akayamba kuseka, aletseni osakalipa, ndi kuwapatsa ntchito yolemba. Akakhazikika abwerere pamalo pake popanda mafunso.

Kucheza kubwere pambuyo pake, tsiku lina, pamalo poonekera koma pomwe ena sangamve, monga pakhonde nthawi ya buleki. Apa ndi pomwe akuluakulu ambiri timalakwitsa chifukwa cha chifundo chomwe. Timafuna kumva nkhani yonse, kenako timati "iwala, zinapita" kapena "mwamuna salira". Mawu amenewa amatseka mwana pakamwa. Ingonenani zimene mwaona: "Ndaona kuti masiku ano sukusewera ndi anzako. Ukafuna kuyankhula ndilipo." Akakhala chete, musamukakamize. Akayamba kufotokoza, mvetserani osamudula, mukhulupirireni, ndipo muuzeni momveka kuti zimene zinachitikazo si iye anazichititsa. Ana ambiri opulumuka amadziimba mlandu mwakachetechete kuti anataya dzanja la mng'ono wawo m'madzi. Musamulonjeze kuti simudzauza munthu aliyense. Nenani kuti: "Ndiuza okhawo amene angakuthandize, ndipo ndiyamba ndakudziwitsa."

Kalasi iziyenda mwa dongosolo lodziwika: moni womwewo, nthawi yomweyo, malamulo ochepa osasinthasintha. Mwana amene zonse zinamusokonekera tsiku limodzi amapezako mpumulo akadziwa chimene chikubwera. Phunziro likakhudza kusefukira kwa madzi kapena imfa, achenjezeni anawo musanayambe, ndipo amene akufuna kutuluka pang'ono aloledwe. Mupatseni kaudindo, kaya kufufuta bolodi kaya kugawa mabuku. Ngati pasukulu panu pali phala, monga la Mary's Meals, onetsetsani kuti walandira. Mwana wamanyazi wopanda kapu amangoima patali osanena kanthu. Ku mayeso musamutaye. Mugawireni ntchito pang'onopang'ono, chifukwa mantha amasokoneza kukumbukira, koma nzeru zake zilipobe.

Musasenze nokha. Dziwitsani mphunzitsi wamkulu, ndipo lembani tsiku ndi mawu enieni amene mwanayo wanena m'kope losungidwa mobisika. Amayi a Mother Group amadziwa makomo kuposa inu ndipo akhoza kukayendera agogo amene akumulera. Nkhani ikakhala ya nkhanza kapena kugwiriridwa, pitani nayo kwa wogwira ntchito yoteteza ana wa m'dera lanu, ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kuboma, kapena ku Victim Support Unit ya apolisi. Nambala ya foni yothandiza ana ya 116 ndi yaulere. Mwana wogwiriridwa afike kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala omuteteza ku HIV. Kuzipatala zina zikuluzikulu, monga Queen Elizabeth ku Blantyre, kuli malo amene achipatala, apolisi ndi alangizi amathandizira pamodzi. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 lilipo, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Choncho nkhani yotere si yokambirana pabanja n'kulipitsana mbuzi, ngakhale wolakwayo akhale malume ake kapena mphunzitsi mnzanu. Mtsikana akapezeka ndi pakati, uzani makolo kuti ndondomeko ya boma imamulola kubwerera kusukulu akabereka, ndipo dzina lake musalifufute m'maganizo mwanu.

Mwana akanena zofuna kudzipha, ngakhale mokhala ngati akuseka, musamusiye yekha. Itanani womulera, ndipo tsiku lomwelo apite naye kuchipatala.

Aphunzitsi ambiri a m'maboma amene anakhudzidwa ndi Freddy nawonso anataya abale ndi katundu. Ngati nkhani za ana zayamba kukusowetsani tulo, gawanani anawo ndi anzanu pasukulupo, aliyense aziyang'anira awiri kapena atatu, ndipo muzikumana kamodzi pa sabata kuti mumve mmene aliyense akuyendera. Nkhani imene yakukanikani itengereni kwa mlangizi wa sukulu za m'zoni yanu.