Ngalawa Zoyenda M'mwamba

Kale anthu a ku Britain ankakumba ngalande zikuluzikulu zoti ngalawa ziziyendamo. Ngalawazo zinkanyamula malasha ndi miyala, ndipo zinkakokedwa ndi akavalo oyenda m'mphepete mwa madzi. Koma kutabwera sitima za pamtunda, ntchito imeneyi inazilala. Masiku ano m'ngalandezo mumayenda alendo okaona malo.

Ambiri amapita ku Wales, kufupi ndi tauni ya Llangollen. Kumeneko kuli mlatho wodabwitsa wotchedwa Pontcysyllte, umene unatsegulidwa m'chaka cha 1805. Amisiri ake anali Thomas Telford ndi William Jessop. Mlathowu umaolotsa madzi! Pamwamba pa zipilala zamiyala anagonekapo ngalande yachitsulo yotalika mamita 307, ndipo ngalawa zimayandama m'menemo, mamita 38 pamwamba pa mtsinje wa Dee.

Mbali imodzi kuli kanjira ka oyenda pansi kotchingidwa ndi zitsulo, koma mbali inayo kulibe chotchinga. Woongolera ngalawa akasuzumira amangoona phompho, mtima uli phaphapha. Nchifukwa chake makolo amakhazika ana m'kati mwa ngalawa kufikira ataoloka.

Mafunso
1. Kodi ngalande zinakumbidwa chifukwa chiyani?
2. Nchifukwa ninji ana amakhala m'kati pooloka mlathowu?