Laputopu ya achimwene itafa: phunziro la backup

Anzanga, sabata ino pa ngodya yathu ya kompyuta tikambirane za backup, kutanthauza kusunga kope lina la mafayilo ako pamalo ena. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kung'ung'udza kuti, "Ife kompyuta tilibe, zikutikhudza bwanji?" Dikirani kaye. Foni ija mumabisa m'chikwama kuopa aheadi ndi kompyuta ndithu, ndipo zambiri zomwe ndinene pano zimagwiranso ntchito pamenepo.

Achimwene anga ndi mlembi wa kalabu ya alimi a soya ndi mtedza kumudzi kwathu, chakufupi ndi Nsaru. Anagula laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito m'tauni, ndipo kwa zaka ziwiri zonse za kalabu ankazilemba m'menemo: mayina a mamembala, amene watenga mbewu ya ngongole, makilogalamu amene aliyense wabweza, zopereka za mwezi ndi mwezi. M'mawa wina mu Januwale anaitsegula monga mwa masiku onse, koma inangomveka ke, ke, ke m'kati, sikirini ili bii. Anapita nayo kwa wokonza ku Lilongwe. Yankho linali lalifupi: hard disk yafa. Makinawo akhoza kudzuka akaikamo ina, koma zimene zinali m'katimo aiwale.

Achimwene sanadandaule kwambiri poyamba chifukwa fulashi anali nayo. Atailowetsa m'kompyuta ina anapeza kuti anakopera komaliza mu Meyi chaka chapitacho. Inu mukudziwa kuti mbewu ya ngongole anthu amatenga mvula ikayandikira, cha mu Novembala. Ndiye kuti gawo lenileni lofunikalo munalibe. Pamsonkhano wa kalabu panavuta. Bambo wina akuti ndinatenga makilogalamu 10, msungichuma akuti ayi anali 20, ndipo anthu awiriwa ndi pachilamu. Ena anafika ponena kuti achimwene aipha dala laputopuyo kuti abise ndalama. Anatha milungu itatu akuyenda khomo ndi khomo kutolera timalisiti, ndipo chomwe chinawapulumutsa ndi zithunzi za mndandanda zimene anatumizirapo apampando pa WhatsApp. Kunyumba masiku amenewo nsima ankangoitsina kawiri n'kusamba m'manja.

Ndinatolapo kuti hard disk si mwala. M'malaputopu ambiri akale muli kambale kozungulira mothamanga kwambiri, nthawi zambiri ka 5,400 pa mphindi imodzi, ndipo kasingano kowerenga kamayandama pamwamba pake osakhudza. Mukaigwetsa, kapena kuigwedeza pa kabaza m'misewu yathu ya mabampuyi ili chiyakire, kasinganoko kakhoza kukanda mbale ija. Zatsopano zotchedwa SSD zilibe chozungulira, komabe nazo zimafa, ndipo kawirikawiri sizichenjeza n'komwe. Paja chakudza sichiimba ng'oma.

Akatswiri a makompyuta ali ndi lamulo lomwe amalitcha 3-2-1. Fayilo yofunika ikhale ndi makope 3, pa zipangizo za mitundu 2, ndipo kope 1 likhale kutali ndi enawo. Ine nditamva izi ndinaseka, chifukwa agogo anga amachita zomwezo ndi mbewu ya chimanga cha makolo. Ina amaisiya m'nkhokwe, ngala zina amamangirira kudenga la kukhitchini kuti utsi uziingitsa anankafumbwe, ina amakasungitsa kwa mng'ono wawo ku Kabudula. Nkhokwe itapsa, chaka chamawa adzadzalabe. Achimwene fulashi yawo inkakhala m'chikwama chimodzimodzi ndi laputopu. Wakuba akanatenga chikwamacho, kapena denga likanadontherapo, zonse zikanapitira limodzi.

Pali cholakwika china chomwe ndachiona ngakhale mu kalabu yathu ino. Munthu amasankha Cut m'malo mwa Copy, n'kuika fayilo pa fulashi, kenaka n'kumati ndachita backup. Ayi aise, wangosamutsa. Kope likadali limodzi, langosintha nyumba, ndipo nyumba yatsopanoyo ndi yosavuta kutayika kuposa yakale.

Za fulashizi ndichedwepo pang'ono, chifukwa ndi zomwe ambirife tingakwanitse. Choyamba, fulashi ya backup isakhale yomweyo yokaikitsira nyimbo ndi mafilimu pa trading. M'makompyuta a m'malo otero mumalowa mafulashi ambirimbiri tsiku lililonse, ndipo vayirasi ya shortcut imafalikira m'njira imeneyi. Mumabwera kunyumba n'kupeza mafoda onse asanduka timivi, mtima n'kuima. Musathamangire kuchita format. Nthawi zambiri vayirasiyi sifafaniza mafayilo, imangowabisa. Musadine timiviti, chifukwa mukatero mukuidzutsa vayirasiyo. Pitani nayo pa kompyuta yokhala ndi antivirus, muisese, kenaka muuze Windows kuti ionetse mafayilo obisika. Chachiwiri, chenjerani ndi fulashi yolembedwa 64 GB koma yotchipa modabwitsa. Zina ndi zabodza: zimaonetsa ngati zalandira zonse, koma mukadzatsegula mafayilo amakana. Ndipo mukamaliza kukopera, dinani Eject musanazule.

Kope lakutali lija likhoza kukhala fulashi yachiwiri yosungitsa kwa azakhali, kapena pa intaneti. Aliyense amene ali ndi akaunti ya Gmail amapatsidwa malo a 15 GB aulere, omwe amagawana pakati pa Gmail, Google Drive ndi Google Photos. Musaope za bandulo. Fayilo ya Word kapena Excel yopanda zithunzi kawirikawiri sifika ndi 1 MB yomwe, pamene kavidiyo kamodzi ka pa TikTok kamadya kuposa pamenepo. Mafayilo onse a kalabu ya achimwene akanakwera ndi bandulo ya tsiku limodzi. Kungoti dziwani zinthu ziwiri. Chimene mwataya mu Trash ya Google Drive chimafafanizikiratu pakatha masiku 30. Komanso kuyambira mu Disembala 2023, Google ikhoza kutseka akaunti yomwe yatha zaka 2 osatsegulidwa.

Tsopano za chitetezo. Backup ili ndi zinsinsi zomwezo zimene zili m'kompyuta, ndiye fulashi ikagwa pamsika, wotola adziwa ngongole za mudzi wonse. Word ndi Excel zimalola kutseka fayilo ndi password, pitani pa File, kenaka Info. Password isakhale dzina lanu, chaka chobadwa kapena 1234. Lumikizani mawu anayi osagwirizana, muwalembe papepala n'kubisa kunyumba, chifukwa mukaiwala palibe amene angakutsegulireni. Komanso anzathu ambiri akaunti ya Gmail anawatsegulira ndi wogulitsa foni, ndipo password yake saidziwa n'komwe. Foni ikabedwa, manambala ndi zithunzi zili pa intaneti ndithu, koma mwini wake sangazifikire. Konzani zimenezi lero, ndipo nambala yobwezeretsera akaunti ikhale ya SIM yolembetsedwa m'dzina lanu kapena la kholo lanu.

Mukamaliza kukopera, fulashi muizule. Pali mavayirasi otchedwa ransomware amene amatseka mafayilo onse, kuphatikizapo a pa fulashi yomwe ili cholumikizire, kenaka eni ake n'kumafuna ndalama. Mu Meyi 2017 ina yotchedwa WannaCry inagwira makompyuta m'maiko oposa 100, mpaka zipatala zina ku Britain zinabweza odwala. Kuno kwathu, mu Febuluwale 2024, Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alowerera makina osindikizira mapasipoti ndipo akufuna dipo. Anthu anakhala milungu yambiri osalandira mapasipoti.

Chimene anthu ambiri sachita ndi kuyesa backup yawo. Mu 1998 kampani ya Pixar ku America ikupanga filimu ya Toy Story 2, wina analemba lamulo lolakwika pa kompyuta ndipo gawo lalikulu la filimuyo linafafanizika. Atathamangira ku backup anapeza kuti siinkagwira bwino ntchito. Anapulumukira kwa mayi wina wogwira ntchito pakampanipo, Galyn Susman, yemwe anali ndi kope kunyumba chifukwa ankagwirira ntchito komweko polera khanda. Choncho kamodzi pamwezi tengani fulashi yanu, muilowetse pa kompyuta ina yodalirika, mutsegule mafayilo awiri atatu, muyang'anenso tsiku lomwe anasungidwa.

Achimwene pano amakopera Lamlungu lililonse akabwera kutchalitchi. Foda amaitcha dzina la tsikulo, monga 2025-03-16, ndipo yakale safafaniza msanga kuti akalakwitsa sabata ino athe kubwerera ku ya sabata yatha. Fulashi imodzi ili kunyumba, ina kwa apampando, ndipo mndandanda wa ngongole amausindikizanso papepala, aliyense n'kusainira pa dzina lake.

Lachitatu likudzali tikaweruka, kalabu ya kompyuta ikumana m'kalasi ya Fomu 3. Amene muli ndi fulashi kapena memory card yomwe mafoda ake anasanduka timivi, mubwere nayo tidzayesere limodzi kuwatulutsa. Musaichite format musanabwere.